Kodi m'busa kapena wansembe wopalamula mlandu waukulu angakhululukidwe?

aMbewe, Rosettenville: Abale ndi alongo, funso ili likuzungulira m'mipingo yathu kuno ku Joni, ndipo ambiri akuliyankha mothamanga. M'busa kapena wansembe akagwirira mwana, akadya ndalama za thumba la maliro, akapha munthu kapena kuthandizira kupha, chikhululuko chilipo kwa iye? Ena akuti mwazi wa Yesu susankha tchimo, ndiye akalapa abwerere pa guwa. Ena akuti munthu wotere watayika basi. Amene mumadziwa Malemba, malamulo a mipingo ndi malamulo a dziko lino tiunikireni. Pempho langa n'lakuti tisatchule anthu amene milandu yawo ikadali kukhoti.

aPhiri, Turffontein: A Mbewe, kumbali ya Mulungu yankho silivuta. Tchimo limene Yesu ananena kuti silikhululukidwa ndi lochitira mwano Mzimu Woyera, pa Marko 3:28-29. Kupha, chigololo ndi kuba sizili mmenemo. Davide anatenga mkazi wa Uriya, n'kukonza zoti Uriyayo aikidwe pamene nkhondo yakula kuti afe. Natani atamudzudzula iye anavomera, ndipo pa 2 Samueli 12:13 anauzidwa kuti tchimo lake lachotsedwa, sadzafa. Vuto n'lakuti anthu amawerenga ndime yokhayo. Ndime 10 yanena kale kuti lupanga silidzachoka m'nyumba mwake, ndime 14 ikuti mwana wobadwayo adzamwalira, ndipo mitu yotsatira ndi ya Amnoni, Tamara ndi Abisalomu. Anakhululukidwadi, koma zotsatira anazisenza mpaka imfa. Ngakhale wachifwamba wa pamtanda uja, pa Luka 23:41, anavomera kuti chilango chake chinali chomuyenera. Analonjezedwa Paradaiso, koma pamtanda sanatsitsidwepo.

Nabanda, Yeoville: Bambo Phiri, koma Davide sanachotsedwe pa mpando. Abusa ogwa amatsamira pomwepo. Amawonjezanso Petro, amene anakana Ambuye katatu koma pa Yohane 21 anapatsidwanso nkhosa. Tiwayankhe bwanji?

aGama, Cosmo City: Mayi Nabanda, Davide anali mfumu. Otumikira pa guwa ali ndi ndime zawozawo, ndipo yomveka kwambiri ndi Ezekieli 44:10-14. Alevi amene anasocheretsa anthu potsata mafano sanathamangitsidwe m'nyumba ya Mulungu. Anapatsidwa ntchito yolonda pa zipata ndi kupha nyama za nsembe, koma analetsedwa kuyandikiranso monga ansembe kapena kukhudza zinthu zopatulika. M'nyumba anakhalamo, udindo anautaya. Onaninso 1 Samueli 2, ana a Eli, Hofeni ndi Finehasi, amene ankalanda nyama ya nsembe ndi kugona ndi akazi otumikira pa khomo la chihema. Pa 3:13 chiweruzo chinagweranso Eli mwiniwake chifukwa ankadziwa koma sanawaletse. Akulu ampingo amene mumamva madandaulo n'kungoti tipemphere, ndime imeneyo ndi yanu.

Za Petro: iye anagwa chifukwa cha mantha, pofuna kupulumutsa moyo wake. Sanagwiritse ntchito utumwi wake kupweteka munthu amene anamukhulupirira. M'busa wogwirira mwana wa Sande sukulu anafika kwa mwanayo kudzera pa kolala yomweyo, ndipo makolo anatsekula chitseko chifukwa cha dzina lakuti abusa. Kumubwezera kolala n'kumubwezera chida chimene anapalamulira mlandu. Komanso 1 Timoteo 3:2 ndi 3:7 akuti woyang'anira akhale wopanda chomutonzera, wa mbiri yabwino ngakhale kwa anthu akunja. Chipulumutso chilibe mndandanda wa zoyenereza, koma ubusa uli nawo.

aChisale, Mayfair: Ndifotokozeko mmene zimayendera ku Katolika, chifukwa ambiri amaganiza kuti wansembe akakalapa kwa mnzake nkhani yatha. Sakramenti la kulapa limafuna zitatu kwa wolapayo: chisoni chenicheni chokhala ndi mtima wosabwerezanso, kuulula machimo, ndi kukonza zimene anaononga. Wansembe sangadzikhululukire yekha. Sangakhululukirenso munthu amene anachita naye tchimo la chiwerewere. Lamulo 977 la Mpingo likuti chikhululukiro choterocho n'chosagwira ntchito pokhapokha munthuyo ali pafupi kufa, ndipo wansembe woyesa kutero amadulidwa mu Mpingo nthawi yomweyo.

Mlandu uli ndi njira yake ina. Episkopi akamva nkhani yooneka kuti ili ndi maziko, amatsegula kafukufuku woyamba motsatira lamulo 1717. Angathe kumuimitsa wansembeyo kuchita Misa pagulu ndi kumuuza kumene akhale pamene nkhani ikufufuzidwa. Ngati wolakwiridwa ndi mwana wosafika zaka 18, mlandu umatumizidwa ku Rome, ku ofesi yoona za chiphunzitso cha chikhulupiriro. Izi zinakhazikitsidwa ndi Papa John Paul II mu 2001. Mu 2010 nthawi yodandaulira inatalikitsidwa kufika zaka 20 kuwerengera pamene wolakwiridwa wakwanitsa zaka 18, ndipo Rome ingathe kuchotsa malire amenewo pa mlandu wina. Mu 2019 Papa Francis analamula kuti ansembe ndi masisitere onse azinena akadziwa nkhani zotere, ndipo anaika njira yofufuzira maepiskopi obisa milandu. Chilango chachikulu ndi kuchotsedwa pa unsembe. Theodore McCarrick, amene anafika pa ukadinala ku America, anachotsedwa mu February 2019.

Wochotsedwayo sachita Misa, salalikira, savala zaunsembe. Koma akalapa moona angathe kulandira Ukaristia monga mkhristu wamba. Malamulo akale otchedwa Apostolic Canons, pa lamulo 25, ananena zomwezi: mtsogoleri wogwidwa ndi dama, kulumbira monama kapena kuba achotsedwe pa udindo, koma asadulidwenso mu mpingo, kuti asalangidwe kawiri pa mlandu umodzi.

Nabanda, Yeoville: A Chisale, nanga wansembe womva kulapako angapite ku polisi?

aChisale, Mayfair: Sangapite, mayi. Lamulo 983 likuti chinsinsi cha kulapa sichiphwanyidwa pa chifukwa chilichonse. Angathe kumulimbikitsa wolapayo kukadzipereka, angathenso kumumana chikhululukiro akaona kuti alibe mtima wosiya, koma Rome inanena mu 2019 kuti kukadzipereka ku polisi sikungaikidwe ngati chomukakamiza asanakhululukidwe. Ndikudziwa kuti apa anthu ambiri mitima imawawa, ndipo ine sindikuwadzudzula. Chofunika kumvetsa n'chakuti chinsinsicho chimakhudza zokhazo zonenedwa mu sakramenti. Zimene wansembe wamva mu ofesi, pa foni, kwa kholo kapena kwa katekisiti si chinsinsi cha kulapa, ndipo ayenera kuzinena. Milandu yambiri imene inabisika inabisikira m'maofesi, osati mu kulapa.

Nankhoma, Hillbrow: Ndiloleni ndibwere pansi, pa zimene ziyenera kuchitika tsiku limene mwana waulula. Kukambirana za chikhululuko kungadikire, koma maola 72 sadikira.

Mwana asasambitsidwe, asasinthidwe zovala ngati n'kotheka. Ngati wasintha kale, zovalazo ziikidwe m'pepala kapena m'thumba la pepala, osati la pulasitiki, chifukwa chinyezi chimaononga umboni. Apite naye ku Thuthuzela Care Centre, malo othandizira ogwiriridwa, monga ija ya pa chipatala cha Chris Hani Baragwanath ku Soweto, kapena ku polisi, kumene nkhani imapita ku FCS, nthambi yoona za nkhanza za m'banja, kuteteza ana ndi milandu yogonana. Dokotala kapena namwino amadzaza fomu ya J88, imene imakhala umboni kukhoti. Mankhwala oteteza ku HIV ayambidwe maola 72 asanathe ndipo amamwedwa masiku 28. Musamufunse mwana mobwerezabwereza, lero mayi, mawa amayi abusa, mkuja akulu ampingo. Mwana akafotokoza kangapo kwa anthu osiyana mawu amasinthasintha, ndipo loya wa woimbidwa mlandu amagwira pomwepo. Lembani zimene wanena koyamba m'mawu ake enieni, ndi tsiku ndi nthawi. Mauthenga a pa WhatsApp asafufutidwe. Tengani nambala ya mlandu ndi dzina la wofufuza. Childline ndi 116, ndipo ya nkhanza za m'banja ndi zogonana ndi 0800 428 428.

Kunena si chifundo chongosankha. Ndime 54 ya lamulo la milandu yogonana, Act 32 ya 2007, ikuti aliyense wodziwa kapena wokayikira ndi zifukwa zomveka kuti mwana wachitidwa zotere anene ku polisi msanga, ndipo wolephera angalipitsidwe chindapusa kapena kumangidwa mpaka zaka zisanu. Children's Act ya 2005, ndime 110, imatchula atsogoleri a chipembedzo pakati pa anthu oyenera kunena, ndipo fomu yake ndi Form 22. Sesho ya akulu ampingo imene yamva nkhani n'kuitsekera m'buku la miniti yapalamula mlandu wakewake.

aBanda, Tembisa: Achemwali, zonsezo ndamva, koma pali ndime ziwiri zimene sitingazilumphe. Pa 1 Akorinto 6 Paulo akuletsa kutengerana ku makhoti a akunja. Pa 1 Timoteo 5:19 akuti mlandu wa mkulu usalandiridwe popanda mboni ziwiri kapena zitatu. Abusa amanamiziridwanso, makamaka mpingo ukagawikana pa nkhani ya ndalama. China, anthu athu ambiri mapepala awo sali bwino. Kuwauza kuti apite ku polisi n'kophweka polemba pano.

aPhiri, Turffontein: A Banda, pa 1 Akorinto 6:2 Paulo akunena za timilandu tating'ono, ndipo ndime 7 ikukamba za kulakwiridwa ndi kunyengedwa pa zinthu za moyo uno pakati pa abale. Paulo yemweyo pa Aroma 13:4 akuti wolamulira ndi mtumiki wa Mulungu wolanga wochita zoipa. Mpingo ungadule munthu pa mgonero, sungathe kuyeza umboni wa m'thupi kapena kutsekera munthu kuti asapweteke wina. Za mboni, werengani Deuteronomo 22:25-27. Mtsikana wogwiriridwa kuthengo, kumene kunalibe womumva, sanaimbidwe mlandu. Wolangidwa anali mwamunayo. Chilamulo chomwecho chinadziwa kuti milandu iyi imachitikira kobisika. Masiku ano J88, mauthenga a pa foni ndi risiti ya malo ogona ndi mboni. Ndipo musaiwale ndime 20 ya 1 Timoteo 5: akulu ochimwa adzudzulidwe pamaso pa onse kuti ena aope.

Kuopa kunamiziridwa kuli ndi yankho lake. Mu dongosolo la Chipresibiteriyani m'busa saweruzidwa ndi sesho imene iye mwini amaitsogolera. Mlandu wake umapita ku Presbytery, ndipo apilo ku Sinodi. Amaimitsidwa kaye, zimene si chigamulo, n'kungomuchotsa pamalo pamene angaopseze mboni. Ngati ndi wosalakwa, kafukufuku wochitidwa ndi anthu akunja ndi amene angayeretse dzina lake. Kubisa sikuyeretsa munthu, mphekesera imangomutsata. Chimene chimavuta kuno ndi timipingo ta m'maholo a lendi, kumene m'busa ndiye woyambitsa, ndiye msungichuma, ndiyenso bwalo la apilo. Pamenepo palibe woti amuimitse, ndiye khomo lotsala ndi la boma lokha.

Nankhoma, Hillbrow: Za mapepala, a Banda, mantha amenewo ndi enieni, ndipo ochita nkhanza amawadziwa, n'chifukwa chake amasankha mabanja otere. Koma ndime 28 ya malamulo aakulu a dziko lino imateteza mwana aliyense, osati nzika zokha, ndipo ndime 27 ikuti palibe amene angakanizidwe chithandizo chadzidzidzi cha kuchipatala. Chimene mpingo ungachite ndi kusankha munthu wa mapepala abwino, wodziwa Chingerezi kapena Chizulu, kuti aperekeze banjalo ndipo akhale iye wokanena. Lamulo silikuti wonena akhale kholo.

Ndichenjezenso za kukambirana pachibale, pamene akuluakulu amabweretsa envelopu kuti banja likatseke mlandu. Doketi, fayilo ya mlandu ku polisi, ikatsegulidwa, wogamula zoitseka ndi woimira boma pa milandu, osati banja, ndipo wopereka ndalama kuti mboni ikhale chete angaimbidwe mlandu wosokoneza chilungamo. Kwa amene anachitidwa izi kalekale, khomo silinatsekedwe: mu 2018 Constitutional Court, khoti lalikulu la dziko lino, inagamula kuti malire a zaka 20 ozengera milandu yogonana achotsedwe.

aGama, Cosmo City: Chimene chimaononga kwambiri ndi kusamutsa munthu mwakachetechete n'kumatcha zimenezo chifundo. John Smyth sanali wansembe, anali loya wotsogolera misasa ya achinyamata achikhristu ku England. Atsogoleri ena a mpingo wa Anglican anadziwa mu 1982 kuti ankakwapula anyamata mwankhanza zoopsa, koma sanapite ku polisi. Mu 1984 anasamukira ku Zimbabwe n'kuyambitsanso misasa, kenako anabwera kuno ku South Africa, ndipo anamwalira ku Cape Town mu 2018 asanaimepo pa khoti la kwawo. Lipoti la kubisidwa kwa nkhaniyi litatuluka mu November 2024, Justin Welby analengeza zotula pansi udindo wa Arkiepiskopi wa Canterbury. Anyamata a ku Zimbabwe analipira chete wa anthu a ku England.

Athanase Seromba anali wansembe pa parishi ya Nyange ku Rwanda. Mu April 1994 tchalitchi chodzaza Atutsi othawa chinagwetsedwa ndi chigalimoto chogumulira, ndipo anthu osachepera 1,500 anafa. Iye anathawa n'kukatumikira ku Italy pa dzina lina. Khoti la United Nations ku Arusha linamupeza wolakwa pa kuphedwa kwa anthuwo n'kumupatsa zaka 15 mu 2006, ndipo pa apilo mu 2008 linasintha kukhala moyo wonse. Ngati wina andifunsa kuti munthu ngati ameneyu angapulumuke, ndiyankha kuti inde, akalapa, chifukwa mtanda sunaperewere. Ndimanjenjemera ponena zimenezi, koma ndikuzikhulupirira. Koma kulapa koyamba kwa munthu wotere ndi kunena zonse poyera. Ngakhale TRC ya kuno, komiti yofufuza milandu ya nthawi ya tsankho, imene inatsogoleredwa ndi Desmond Tutu, inkafuna kuti wopempha chikhululuko cha boma aulule zonse. Mwa opempha oposa 7,000, amene anachilandira anali 849.

aMbewe, Rosettenville: Nanga ndalama? Zikhale chimodzimodzi ndi kugwirira?

Nabanda, Yeoville: Ine ndikuona kusiyana, a Mbewe, chifukwa ndalama zimabwezeka. M'busa wa kuno Allan Boesak anapezeka wolakwa mu 1999 pa ndalama za opereka thandizo, analowa m'ndende mu 2000, anatuluka mu 2001, ndipo pulezidenti wa nthawiyo, Thabo Mbeki, anamukhululukira mu 2005. Anabwerera ku utumiki, ngakhale anthu amasiyanabe maganizo popeza iye ankakana mlanduwo. Choncho zimachitika. Koma muyeso wake ndi Zakeyu pa Luka 19:8, amene anayamba ndi kubweza. Tiyerekeze kuti thumba la maliro lasowa R60,000. Kulira pa guwa sikubweza kanthu. Pakhale kalata yovomera ngongole yosainidwa pamaso pa mboni ziwiri, yonena ndalama zonse, za pamwezi ndi tsiku lolipira. Pa R2,500 pamwezi ndi miyezi 24. Ndalamazo zilowe mu akaunti ya mpingo, asapatsire munthu m'manja, ndipo sitetimenti ya ku banki iziwerengedwa kwa mpingo mwezi uliwonse. Mlandu ukapita kukhoti, woimira boma angapemphedwe kuti apemphe chigamulo cha chipukuta misozi motsatira ndime 300 ya Criminal Procedure Act. Nthawi yonseyo asalalikire. Akadzabwezeretsedwa, asakhalenso wosainira, ndipo mkazi wake kapena m'bale wake asakhale msungichuma. Chopereka chiziwerengedwa ndi anthu awiri osakhala pachibale, n'kulembedwa tsiku lomwelo. Ndalama za maliro n'zopweteka kwambiri chifukwa kusowa kwake kumadziwika tsiku limene thupi lili ku mochale ndipo abale ku Mzimba kapena ku Mangochi akudikira.

aBanda, Tembisa: Funso lina limene likusautsa anthu: ana amene anabatizidwa ndi m'busa wotereyu, ndi maukwati amene anadalitsa, zibwerezedwe?

aChisale, Mayfair: Ayi, a Banda. Nkhani imeneyi inakambidwa kalekale kuno ku Africa konkuno. Pambuyo pa chizunzo chimene chinayamba mu 303, akhristu otchedwa a Donatist ku Carthage, kumpoto kwa Africa, ankati ubatizo wochitidwa ndi atsogoleri amene anapereka mabuku oyera kwa ozunza ndi wachabe. Augustine, episkopi wa ku Hippo, anawatsutsa kuti wobatiza weniweni ndi Khristu, ndipo msonkhano wa ku Carthage mu 411 unagamula mowatsutsa. Anglican ili ndi zomwezo pa mfundo 26 mwa mfundo zake 39: kuipa kwa mtumiki sikuchotsa mphamvu ya sakramenti, koma mtumiki woipayo afufuzidwe ndi kuchotsedwa. Auzeni makolowo kuti mitima ikhale pansi.

Nankhoma, Hillbrow: Chinthu chimodzi chimandipweteka kuposa zonse, ndicho kuimika wolakwiridwa kutsogolo kwa mpingo kuti agwirane chanza ndi amene anamuononga, kwaya ikuimba. Mtsikana wa zaka 14 sangakane pamaso pa anthu mazana. Chimene chachitika pamenepo si chikhululuko, mpingo wangodzichotsera manyazi. Luka 17:3 imayamba ndi kudzudzula, kenako kulapa, kenako kukhululuka. Wolakwiridwa angakhululuke mumtima pa nthawi yake, patapita zaka ngati kuli kofunika, ndipo angathe kukhululuka n'kukaperekabe umboni kukhoti, osafunanso kumuona munthuyo moyo wake wonse. Kulapa kwa wolakwayo kuli ndi zizindikiro zooneka, monga 2 Akorinto 7:10-11 ikunenera. Amatchula chimene anachita osati kungoti ndinafooka. Saloza satana, mkazi wake kapena zovala za mwanayo. Amavomera mlandu kukhoti kuti mwana asavutike ndi mafunso a loya. Amatula pansi yekha udindo. Amene akufunsa kuti ndibwerera liti pa guwa mwezi usanathe, maso ake akadali pa guwa.

aMbewe, Rosettenville: Tsono akatuluka m'ndende n'kubwera Lamulungu m'mawa kuti akufuna kupemphera, tichite naye bwanji?

aPhiri, Turffontein: Alandiridwe monga wochimwa wofuna Mulungu, koma pa mgwirizano wolembedwa ndi kusainidwa. Asapemphere pa mpingo umene wolakwiridwa kapena banja lake amapemphera. Wosamuka akhale iye, osati iwo. Kumene wapitako, m'busa ndi akulu adziwe mlandu wonse. Akhale ndi amuna awiri okhwima omuperekeza kuyambira pa geti mpaka potuluka, akhale pa mpando wodziwika, asayandikire Sande sukulu, kwaya ya achinyamata, misasa kapena mapemphero a usiku, asanyamule ana pa galimoto, asayendere nyumba za akhristu yekha. Asatchedwe abusa, asapatsidwe maikolofoni ngakhale pa maliro, chifukwa ana amakhulupirira aliyense amene amuona kutsogolo. Mgonero angabwezeredwe akamaliza chilango cha mpingo ndipo bwalo lakhutira. Akaphwanya mfundo imodzi, mgwirizano watha, ndipo ngati ali pa parole, kutanthauza kuti anatulutsidwa m'ndende chilango chisanathe, woyang'anira wake wa boma adziwitsidwe.

Dzina la wopezeka wolakwa pa mlandu wogonana limalowa mu National Register for Sex Offenders, ndipo lamulo limamuletsa kugwira ntchito ndi ana, yolipidwa kapena yongodzipereka. Mpingo uliwonse uzifufuza abusa ndi aphunzitsi a ana m'kaundula ameneyu komanso mu gawo B la National Child Protection Register kudzera ku Social Development. Kaundulayu sawoloka Beitbridge. Choncho munthu akamveka kuti wabwerera kumudzi, mlembi wa mpingo alembe kalata ku likulu la mpingowo ku Malawi, yokhala ndi dzina la khoti, nambala ya mlandu ndi chigamulo, zokhazo zimene khoti linapeza, popanda dzina la mwana.